Munda Wopanda Khasu

Kanjoka ka pa foni yanga yakale sikanandinamizepo. Kamadya, kamatalika, kenako kamadziluma mchira n'kufa, ndipo ukafuna wolakwa sumufuna kutali, ndi chala chako chomwe. Ndinayamba kukasewera kalekale pa kafoni ka mabatani kamene ndinkakamanga ndi mphira kuti batire lisapulumuke, nthawi zambiri ndili pamzere wodikira jeke yodindira mabelo a fodya. Mwezi wathawu kafoniko ndinakafukula m'thumba la mapepala akale, ndinakapatsa moto, ndipo kanjoka ndinakapeza kali momwemo, njala yake yomwe ija. Sikuti ndinabwerera chifukwa cha chikondi. Ndinali nditachotsedwa kwina, ndipo munthu akathamangitsidwa kuchikamwini ndi pamene amayamba kuyamikira mphasa ya kwawo.

Ndine mlimi wa fodya wa bale kufupi ndi Santhe. Sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga sindinaleke. Ndawerenga matumba a feteleza, mapepala a mankhwala a nazale, nyuzi zokulungira usipa, ndi buku lililonse limene mwini wake analakwitsa kundibwereka. Chingerezi ndinachitola mu dikishonale imene malemu amalume anali atayamba kale kuisuta. Masamba ake ndi opyapyala, abwino kupichirira chingambwe, ndiye zilembo zina zinapita ndi utsi. Mawu onse oyamba ndi K ndi L mulibe. Akunyumba amati Chingerezi changa ndi cha magweru, chimaseka bwino koma sichitafuna.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, amagwira ntchito ku Lilongwe, mu ofesi ina imene ntchito yake wandifotokozera kangapo koma sindinaigwire. Ndimamuitana kuti mayi, popeza anatenga dzina la mayi anga. Ali wamng'ono ankakhala pambali panga posoka fodya, kundipatsira masamba uku akundifunsa zinthu zopanda mutu, ine kumayankha zopanda mutu zomwezo. Atakula n'kupita kutauni, macheza athu a pafoni anafupika ngati kabudula wa mwana wasukulu. Moni, za mvula, za chifuwa cha amake, kenako amvekere, apatseni amayi. Ndi amakewo amalankhula mpaka foni kutentha, ine ndili pakhonde kunamizira kukonza tcheni cha njinga, khutu lili komweko. Palibe chimene tinayambana. Mawu anangotithera, ngati mmene chitsime chimaphwera wopanda woba madzi.

Pa Khirisimasi anabwera ndi foni yotsetsereka, ya galasi, imene iye anaisiya atagula ina. Anandiikiramo magemu angapo, akuti abambo a masiku ano samangokhala n'kumayang'ana nkhuku. Ndisanafike ku gemu imene inandipweteka, ndinene za zina zimene ndinalawa, kuti wina asaganize kuti ndinagonja pa nkhondo imodzi yokha.

Yoyamba inali ya mpikisano wa galimoto, yoti ukafuna kukhota umapendeketsa foni. Ine ndinkapendekeka thupi lonse. Tsiku lina pokhota pa mlatho ndinagwa nawo mpando wandalema, galu n'kuthawa, akunyumba n'kutuluka ndi chipande m'manja kuganiza kuti ndakomoka. Imeneyo ndinaifufuta. Ya mpira sindinaisewere pafoni koma pa Santhe, m'kashopu kotchajira mafoni kamene kuseri kwake kuli kanema ndi timakina togwira m'manja. Tsiku la msika, ine ndi alamu anga, mchimwene wa akunyumba amene amakonza njinga pamsika pomwepo, tinati tiyese podikira kuti mafoni adzaze moto. Mpira weniweni ndinausewerapo ndili mnyamata, kumbuyo, ndipo anthu ankasamala miyendo yawo akandiona. Uwu unali wina. Mabatani ambiri kuposa zala. Ndikati ndipatsire, munthu wanga amaponya kunja. Ndikati ndilande, amagwetsa mnzake n'kupatsidwa khadi. Goloyi wanga anasiya golo n'kuthamanga mpaka pakati pa bwalo ngati wamva kuti kwabwera makuponi. Alamu anagoletsa chigoli chimodzi, ndipo mpaka lero sadziwa batani limene anadina, koma amandikumbutsa za chigolicho ngati anachimenya ndi mwendo wawo. Achinyamata amene ankaonerera anatilemekeza, ankasekera kukhoma.

Gemu yachitatu inali ya ulimi. Mwana wanga atanditsegulira ndinaseka, ndinati apa ndiye mwaputa katswiri. Munthu amene wakhala akulima kuyambira asanamere ndevu, gemu ya ulimi ingamuphunzitse chiyani?

Inandiphunzitsa kuti sindidziwa kanthu. M'mundamo tirigu amacha tiyi asanazizire. Mvula siigwa koma palibe chofota. Feteleza sagula, mbozi kulibe, nkhumba zimamwetulira, ng'ombe zimaima pamzere kudikira kukamidwa ngati anthu a ulemu pachipatala. Wogula sabweza katundu, sanena kuti mwasakaniza magiredi, sagwira tsamba n'kukwinya nkhope. Fodya mulibe n'komwe. Chimene chinandidabwitsa koposa n'choti mulibe khasu. Umangotsetsereza chala, mbewu zagwa, kutsetserezanso ndi kachikwakwa, wakolola. Msana osawawa.

Ine ndinalowamo ndi nzeru za kuno. Masiku oyamba sindinadzale chimanga chifukwa m'mwamba mwa mundawo ndinkaona dzuwa lokhalokha, ndinati tidikire kaye mitambo. Kenako ndinayamba kugoneka mbali ina ya munda kuti nthaka ipume, ndi kusinthanitsa soya ndi chimanga monga amanenera alangizi. Nkhokwe inadzaza msanga chifukwa ndinkakana kugulitsa. Munthu akabwera pachipata n'kutchula mtengo, ndinkamusiya ataima pomwepo, kuti mwina akatopa awonjezera, poti mavenda timawadziwa. Anaima pamenepo masiku, manja m'thumba, osawonjezera, osachoka, mpaka ndinayamba kumumvera chisoni. Mwana wanga atapita kukaona munda wangawo anandilembera kuti sanaonepo munda wosauka chotero, koma mizere yake inali yowongoka kuposa ya aliyense.

Panalinso zovuta za kunja kwa gemu. Nyengo yothyola fodya zala zimamata utomoni wakuda uja, ndipo galasi la foni silimva chala chotero. Umalikanda ngati ukukanda mphere, ilo lili duu. Ndinkayamba ndasamba ndi sopo ndi ndimu ngati ndikukadya kwa apongozi. Netiweki ya intaneti pakhomo pathu imapezeka pamwamba pa chulu cha kuseri kwa chigafa, penanso ayi, ndiye bambo wa imvi ndinkaoneka m'mawa uliwonse nditaima pachulu ngati tambala, foni m'mwamba. Ukangoti zayamba kuyenda, pamabwera kanema wotsatsa gemu ina ya mfumu imene ikumira m'madzi, ndipo kamtanda kotsekera amakabisa pakona, kakang'ono ngati njere ya fodya. Ndinkadina pambali pake, n'kupezeka ndili kwina kumene sindinapemphe, bandulo ikutha ngati mchere wonyowa.

Wina afunsa kuti nanga unkalimbikiriranji. Yankho lake ndi mitengo. Mu gemumo mitengo ya zipatso ikabereka kangapo imafota, ndiye umaikapo chikwangwani chopempha thandizo, mnzako akadutsa amaitsitsimutsa, ndipo pachikwangwanipo pamatsala kachithunzi kake. M'mawa uliwonse ndikakwera pachulu ndinkapeza nkhope ya mwana wanga pansi pa mtengo wanga wa malalanje. Wadutsa pano, waona mbuzi zanga, waona kuti sindinakonze mpanda.

Kenako anandilowetsa m'gulu lawo. Alimi a m'foni amakhala m'timidzi, ndipo kamudzi kalikonse kali ndi nyumba yochezeramo, momwe amalemberana. Anzakewo anali a maiko osiyanasiyana, olemba Chingerezi chothamanga chimene dikishonale yanga sinachidziwe ngakhale pa masamba amene anapulumuka. Koma pakati pa Chingerezi chonsecho pankatulukira Chichewa, cholembera ine ndekha. Ababa mwadzuka? Nkhumba zanu zili ndi njala. Ababa gulitsani mazirawo, mukusungira ndani? Ine ndinkayankha kuti mazira sagulitsa onse, ena ndi ogonera, iye n'kuika tinkhope toseka mzere wathunthu. Kuchokera pa nkhumba tinkafika pa denga la nyumba imene amachita lendi, pa bwana wake wovuta, pa bondo langa. Mwezi umodzi m'kanyumba kameneko tinalankhulana mawu ambiri kuposa a pafoni a chaka chonse. Chimenecho ndicho ndinkakwerera chulu.

Kamudzi kathuko kanali ndi mtsogoleri, mayi wina wa kutsidya kwa nyanja amene pachithunzi anaika mphaka. Ine ndinkamutcha kapitawo, chifukwa ankayenda ndi diso ngati akapitawo a m'maesiteti. Sabata iliyonse kunkakhala mpikisano wa timidzi. Aliyense amatenga ntchito, kaya kukolola chimanga chochuluka, kaya kudzaza ngolo, ndipo nthawi imawerengedwa. Zinali ngati dima, kungoti wopanda thobwa ndi nyimbo. Lamulo la akapitawo linali limodzi: wosagwira gawo lake achoke, malo ndi ochepa, ofuna kulowa ndi ambiri. Ndinali nditachenjezedwapo kale pamene kunachita mvula ya mvumbi, masola onse a m'mudzi atagona, foni yanga ili chizimire. Mwana wanga anandipepesera, kenako anandilembera pambali kuti ulendo wina sadzatha kunditeteza, ndichite khama. Ndinalonjeza. Sabata yotsatira ndinatenga ntchito yaikulu ya chimanga kuti ndiwaonetse kuti mlimi wa ku Kasungu sasewera.

M'mawa wa tsiku lomwelo kunamveka mfuu kutsidya kwa dambo. Anamwalira tenanti wina wa pa esiteti yoyandikana nafe, bambo wa ku Phalombe amene anabwera ndi banja lake kudzalima fodya wa eni ake. Sindinganame kuti ndinkamudziwa bwino. Ankapemphera nafe, ankakhala benchi la kumbuyo, ndipo moni wake unali wa kummwera, wokoka. Koma popeza ankapemphera nafe, ndipo abale ake anali kutali, maliro anakhala athu. Mtembo unabwera kumudzi kuno.

Kwathu kuno kukagwa maliro khasu limagona. Palibe amene amalengeza, palibe amene amafunsa. Kuyambira pamene mfuu yamveka mpaka munthu ataikidwa, kumunda sikupitidwa. Makasu okhawo amene amagwira ntchito ndi a adzukulu kumanda. Fodya wanga weniweni anali atapsa m'munsi, masamba achikasu akudikira kuthyoledwa, ndipo ndinamusiya osaganizako kawiri, monga anachitira aliyense. Maliro amenewa anatalika. Abale a ku Phalombe ankati mtembo upite kwawo, kenako ankati dikirani tikubwera, eni esiteti anali kutauni ndipo za galimoto zinkangokambidwa pafoni. Ife tinkangokhala pansi pa mtengo wa muwanga pafupi ndi siwa, amuna mbali yathu, kumva nyimbo za amayi m'nyumba.

Ndinalembera mwana wanga mawu atatu: kuno kuli maliro. Anayankha kuti pepani, ndani? Ndinamuuza, iye anati zachisoni, Mulungu atonthoze anamfedwa. Ine mtima unakhala pansi. Ndinadziwa kuti wamva zonse, kuti akauza akapitawo kuti bambo anga sabata ino sagwira ntchito. Kwa ine mawu atatuwo anali kalata yathunthu. Ukauza munthu wa kuno kuti kuli maliro, sufunikanso kumuuza kuti sukupita kumunda, monga sungamuuze kuti mvula ndi yonyowa.

Koma foni sinamve za maliro. Inkanjenjemera m'thumba la jekete, pa mtima penipeni. Ndikaisuzumira mobisa, akuti chimanga chanu chacha. Pakapita nthawi, akuti ng'ombe zanu zikukudikirani. Ndinayamba kukayika ngati akapitawo auzidwadi. Tsiku lachiwiri masana ndinanyamuka ngati ndikukataya madzi, ndinazungulira kuseri mpaka pachulu changa chija. Ndinatsegula. Munda wonse unali wachikasu, chimanga chili ngwee, kachikwakwa kali pambali kudikira chala. Kuwerengera kwa nthawi kunali kutadya kale gawo lalikulu.

Pamenepo ndinakhala loya. Ndinadziuza kuti mwambo umanena za khasu, ndipo muno mulibe khasu. Mulibe dothi. Munda uwu suli m'mudzi muno, suli ngakhale m'Malawi, uli m'makina a anthu amene sadziwa kuti Santhe ili kuti. Anthu pamaliro amayankha mafoni, ena amasewera bawo kuseri, amuna anzanga pansi pa muwanga paja ankakamba za mitengo ya ku okushoni. Kutsetsereza chala kungalakwire ndani? Mlandu ndinaupambana bwinobwino. Koma chala sichinatsike. Mphepo inkabweretsa nyimbo ya amayi kuchokera kusiwa, ndipo ndinaganiza kuti nditabwerera, mayi wamasiye uja atandifunsa kuti abambo munali kuti, yankho loona likanakhala loti ndimakolola. Liwu limenelo sindikanatha kulinena. Ndinabweza foni m'thumba n'kutsika, nditakwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Ndinakhala pafupi ndi alamu n'kuwanong'oneza nkhaniyo, ngati ndikufunsira munthu wina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, poti pamaliro kuseka amabisa.

“Alamu, funso lanuli lili ngati la munthu wofunsa ngati kusuta m'maloto kumatsokomoletsa. Kololani. Koma mukakolola mubweretse thumba limodzi kuno, ufa ukuchepa.”

Madzulo ake nditapita kunyumba kukasintha malaya ndinafunsanso akunyumba, amene anabwera kudzatenga nkhuni zopita nazo kusiwa. Iwo sanaseke. Anati foni ndi foni, sakuonapo vuto, koma anawonjezera akumanga mtolo wawo:

“Kungoti inu nomwe ndi amene mumautcha munda. M'mawa uliwonse mumati ndikukaona kumunda, n'kukwera pachulu. Ine sindinakuuzeni zimenezo.”

Ndinaithimitsa foniyo n'kuiika pansi pa matiresi.

Abale anafika, anagwirizana zoika munthuyo kuno, tinamuika. M'mawa mwake kutachitika zosesa, makasu anadzuka. Ndinayamba ndi fodya weniweni, amene masamba ena a m'munsi anali atawonongeka kale, ndipo zimenezo sizinandiwawe kwambiri, n'zimene zimachitika. Masana ndinasamba m'manja ndi ndimu n'kukwera pachulu. Munda ndinaupeza, chimanga chili chiimire, poti cha m'foni sichifumbwa. Koma nditadina kanyumba kochezeramo kaja, munali mbee. Mayina onse palibe, Chichewa cha mwana wanga palibe, ngakhale mphaka wa akapitawo. Panali uthenga umodzi wokha, wachidule, ndipo liwu lake lalikulu linali loyamba ndi K. Ndinatsika kukatenga dikishonale ngakhale ndinkadziwa kuti amalume analisuta kalekale. Sindinalifune kwenikweni. Liwulo ndinkalidziwa kuchokera ku mpira, ndi lija timachita ndi phazi.

Ndinaimba foni ndili pachulu pomwepo. Aka kanali koyamba kuti ndiimbe ndekha popanda amake kundikumbutsa.

“Ababa, mwatani kodi? Sabata yonse osakolola ngakhale phesi limodzi. Ndakulemberani m'gulumo mpaka kutopa.”

“Ndinakuuza, mayi. Kuno kunali maliro.”

“Eya, ndinaona. Nanga maliro ndi gemu zikukhudzana pati?”

Ndinkamva galimoto zikudutsa kumbali yake. Kenako anapuma mokoka.

“Ababa. Musandiuze. Munda wa m'foni?”

“Munda ndi munda.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamulola aseke, poti ndikanakhala iye ndikanasekanso, koma mkati ndinkapsa. Ndinamuuza kuti akanawauza akapitawo akewo. Anati akanawauza bwanji zinthu zimene iye mwini sanaziganize, ndipo akanati chiyani, kuti bambo anga sakudina foni chifukwa kwamwalira munthu amene si m'bale wawo? Ndinati inde, akanatero ndendende, ndi mmene zilili. Ndinamufunsa ngati ku Lilongweko anthu anaiwala kuti anabadwira kuti. Funso limenelo silinali labwino, ndipo ndinalimva kuipa kwake lili m'kamwa.

Kuseka kunatha. Anandiuza kuti mwezi wapitawo anamwalira mayi a mnzake wa mu ofesi, amene amakhala naye tebulo limodzi. Anapita kumaliroko nthawi ya nkhomaliro pa minibasi, anaimba nyimbo imodzi, anapereka chipepeso, n'kubwerera kukamaliza ntchito imene bwana ankaifuna tsiku lomwelo. Mnzakeyo anabwerera kuntchito maso asanaphwe.

“Kuno timalima pa maliro, ababa. Tsiku lililonse.”

Pamenepo ndinamuuza za tenanti uja. Za mkazi wake amene sakudziwa ngati abwerere ku Phalombe kapena adikire fodya agulitsidwe, za ana ake amene ankangoyang'ana anthu achilendo akulira bambo awo, za adzukulu amene anapeza mwala pokumba n'kunena kuti munthu wa kumapiri wabwera ndi phiri lake. Iye anafunsa zambiri, za anthu a m'mudzi amene sanawafunse zaka. Akunyumba anabwera m'munsi mwa chulu, anatambasula dzanja kudikira foni monga mwa nthawi zonse, anaima, kenako anabwerera kukhitchini.

Akapitawo anauzidwa pambuyo pake. Analemba mawu a chisoni, aulemu ndithu, ndipo anafunsa ngati womwalirayo anali mchimwene wanga. Mwana wanga akuti anayamba kulemba yankho n'kufufuta, kulembanso n'kufufuta, mpaka anangoti anali mnansi. Koma malo anga anali atapatsidwa kale kwa munthu wina wa dziko lina amene akuti sagona, amakolola usana ndi usiku. Sindiwada mayiwo. Kapitawo ndi kapitawo.

Gemuyo ndiyo ndimaikwiyirabe. Anthu amene anaipanga anaganiza za chilichonse. Muli zipewa za nkhuku, muli chipale chofewa pa Khirisimasi, muli ngakhale kagalu kogona pakhonde. Koma sanaike tsiku limodzi loti mudzi wonse uime. M'mudzi mwawomo simufa munthu, mumangosowa munthu, ndipo malo ake amalowa wina dzuwa lisanalowe. Ndimadzikwiyiranso ndekha, munthu wowerenga mabuku amene analephera kulemba chiganizo chimodzi chowonjezera. Ndikanangoti, ndiye sindikolola sabata ino, uwauze. Mawu amenewo onse ali m'Chichewa, sanafune dikishonale. Koma ndikadzifunsa ngati maliro ena atagwa ndingatsetsereze chalacho, ndimapeza kuti ayi, ndipo zimenezo zimandikwiyitsanso.

Mwana wanga adakali m'gulu lija. Wakhalamo nthawi yaitali, ali ndi anzake, sindingamuuze kuti atuluke chifukwa cha ine. Angathe kumabwerabe kumunda kwanga ngati mnzanga wamba, koma mpikisano umamudya nthawi, ndipo kanyumba kolemberana kaja ndilibenso. Ndinayesa kulowa kamudzi kena, ndinapeza onse akulemba zilembo zopindikapindika zimene ngakhale amalume akanaopa kuzisuta. Ndinatuluka ndekha, asanandichite liwu la K lija.

Ndiye masana ndikapuma posankha fodya ndimasewera kanjoka. Sikafuna netiweki, sikafuna chulu, ndipo mabatani ake amamva chala ngakhale cha utomoni. Ndikakasiya sabata sikandilembera kanthu. Kungoti m'menemo mulibe amene amadutsa. Umangozungulira wekha m'kabokosi, kudya ndi kutalika.

Ndapeza njira ina, yochititsa manyazi pang'ono. Ndimaimba foni kufunsa za gemu. Dzulo ndinamufunsa kuti kodi nkhumba zija zimadya chiyani.

“Ababa, mwandifunsa zimenezi Lachitatu.”

“Ukalamba, mayi. Mutu wayamba kudontha.”

“Mutu wanu sudontha. Muli pachulu?”

“Ndili pachulu.”

“Khalani pansi, mungagwe. Mukudziwa zimene wachita lero bwana uja?”

Za nkhumba sitinabwererekonso. Pomaliza ndinamukumbutsa kuti mtengo wanga wa malalanje udakali wofota, chikwangwani chili pomwepo. Anati adutsa mawa. Wakhala akunena choncho kuyambira sabata yatha, ndipo lero m'mawa ndasambanso ndi ndimu, ndakwera, ndapeza chikwangwanicho chili chokha.